Maliro Opanda Mtembo

Tsiku lomwe anachotsa chikhakha pa mwendo wa mwana wanga Basmala, dokotala anandiuza kuti fupa lagwirana bwinobwino ndipo mankhwala otsala ndi amodzi okha: mwanayo azithamanga. Azidumpha, azilimbana ndi anzake, azigwa n'kudzuka. Apo ayi mwendowo ukhala wowonda chomwecho ndipo akula akuukoka. Ndinamufunsa kuti azithamangira kuti. Iye anangoti panja, maso ali kale pa wodwala wina.

Panja pathu ndi msewu wa Lamuni, pomwe mwanayo anathyokera mwendo.

Ine ndinabadwira mumsewu umenewu, pafupi ndi uvuni wa buledi, ndipo pokwatiwa ndinangowoloka n'kulowa nyumba ya tsidya linalo. Tili ana, msewu wonse unali wathu. Atsikana tinkajambula phada ndi choko chakuba kusukulu, anyamata ankamenya mpira wa masokosi akale, ndipo chodutsa chinali ngolo ya bulu ya wogulitsa mavwende, amene ankaima kudikira kuti chigoli chilowe kaye. Koma atamanga mlatho wa magalimoto kumsewu waukulu, zinthu zinapanikizana kumeneko, ndipo oyendetsa matukutuku, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, anatulukira kuti Lamuni ndi njira yachidule yopita kumsika. Kuyambira pamenepo, m'mawa mpaka madzulo kunali kulira kwa mahutala ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu. Mzinda wonse wa Kairo unkadutsa pakhomo pathu, ndipo aliyense anali atachedwa.

Imodzi mwa matukutuku amenewo ndi yomwe inagunda Basmala, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akuchokera kogula buledi. Woyendetsayo anamunyamula yekha kupita naye kuchipatala, koma ataona ife makolo tikulowa pageti anathawa. Tinangomva kuti dzina lake ndi Ramzi.

Chikhakha chinachoka, koma mantha anatsala. Kusukulu bambo ake ankachita kumubereka. Akabwerako ankakhala pakhonde lathu la m'mwamba, chibwano atatsamiritsa pachitsulo, n'kumatsitsa dengu la chingwe lomwe timagulira ndiwo kwa ogulitsa odutsa, kulikweza lopanda kanthu, kulitsitsanso. M'nyumba ankayenda mokoka mwendo, atagwira khoma. Ameneyu ndi mwana yemwe kale anandithera makapu onse a ukwati wanga. Ine ndine mayi wa silipasi, ndipo m'Lamuni monse amadziwa kuti silipasi yanga siphonya. Ndikaiponya ndili kukhitchini imakhota pakona n'kukapeza wolakwa kuchipinda. Tsopano inangokhala kuphazi miyezi yonseyo. Ndinkalakalaka mwana wanga atandiswera kapu ngakhale imodzi, ndipo ndikamuyang'ana pakhondepo mtima unkandipweteka kwambiri.

Ndinayesa kamunda ka maluwa ka kuseri kwa mzikiti. Kali ndi mpanda wachitsulo, loko wamkulu ngati mutu wa mwana, ndi mlonda amene amathirira kapinga m'mawa uliwonse. Anandiuza kuti kapingayo ndi woyang'ana, osati woponda. Ndinamufunsa ngati akumusungira ng'ombe za boma, koma sanaseke.

Kenako ndinapita ku ofesi ya dera lathu. Ananditumiza chipinda ichi, chipinda icho, mpaka ndinapezeka pamaso pa mayi Inas, injiniya woyang'anira misewu, mayi wa magalasi wooneka ngati sanagone chaka chonse. Anandimvetsera, zimenezo sindingawanamizire. Koma anati msewu ndi wodutsamo, ndipo iwo alibe mphamvu youtsekera ana. Ndinawakumbutsa kuti misewu imatsekedwa tsiku ndi tsiku anthu akamakhuza maliro.

"Amenewo sitiwaloleza ndife, mayi," anatero. "Timangoyang'ana kumbali. Ndani angakaime pamaso pa anamfedwa n'kuwauza kuti achotse tenti?"

Amuna anga, a Shukri, amasita zovala za anthu m'kachipinda ka pansi pa nyumba yathu. Ndi munthu wabwino, koma magazi awo ndi ozizira. Anandiuza kuti ndisiye kuzungulira m'maofesi, mwana ali m'nyumba ndiye kuti ali moyo, zina zonse Mulungu aona. Ndinawayankha kuti nkhuku ya m'khola nayonso ili moyo.

M'masiku omwewo a Hajja Nargis anatisiya. Anali gogo wa nyumba ya pakona, amene moyo wawo wonse ankathira ana madzi kuchokera pawindo chifukwa cha phokoso. Ngakhale ine anandinyowetsapo kangapo. A Lotfi, obwereketsa matenti ndi mipando, anaimika zinsalu zawo zikuluzikulu zofiira za maluwa abuluu, china kumapeto a kumsika, china kumapeto a kumsewu waukulu. Opepesa maliro kwathu amayamba kufika dzuwa likalowa, choncho masana onse msewu unangokhala zii. Tinamva nkhunda zikulira padenga, zomwe tinali titaiwala kuti zilipo.

Ana anatuluka ngati ngumbi. Sindikudziwa kuti ankabisala kuti zaka zonsezi. Akuluakulu ankawazazira kuti atonthole, kuli maliro, iwo n'kumasewera monong'ona kwa kanthawi, kenako n'kuiwala. Ine ndinali m'nyumba ya malemu, ndikutsuka timakapu ta khofi wopanda shuga yemwe timapereka pamaliro. Nditasuzumira pawindo ndinaona Basmala ataima pakhomo pathu, pansi penipeni, dzanja lili pachitseko. Anayang'ana uku, nayang'ana uko. Kenako anasiya chitsekocho n'kupita pomwe anzake anajambula phada, ndipo atamupatsa mwala anauponya m'bokosi loyamba. Ndinalira mokweza moti ana aakazi a malemu anandikumbatira n'kumanditonthoza, akudabwa kuti ndinkawakonda chotere mayi awo.

Maliro atatha zinsalu zinachoka, matukutuku anabwerera mwaukali ngati akubweza masiku omwe anataya, ndipo Basmala anabwerera pakhonde ndi dengu lake.

Ndinapita kwa a Lotfi. Ndinawapeza m'nyumba yawo yosungiramo katundu akusoka chinsalu chong'ambika, ndevu zawo za pamlomo zitachita chikasu ndi tiyi ndi fodya. Anandiona ndikukwawa, ndiye amanditchulabe dzina langa la pa utsikana.

"Fawziya, wamwalira ndani?"

"Palibe, amalume. Ndikufuna chinsalu."

"Ndiye akukwatira ndani?"

Nditawafotokozera, anaika singano pansi n'kundiuza kuti ndapenga. Anati ndikuitanira imfa mumsewu, chifukwa chinsalu cha maliro ukachipachika popanda mtembo chimapita chokha kukaufuna. Ndinawapempha kuti andionetse pa mulu wawowo kuti za maliro ndi ziti, za ukwati ndi ziti. Anayang'ana muluwo, nandiyang'ana ine, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Chinsalu chomwe chinaphimba olira a Hajja Nargis ndi chomwe chinali pa ukwati wa mwana wa wogulitsa nyama, pomwe anthu anavina mpaka kuthyola mipando. Nsalu ndi imodzi. Ukaikapo nyali zamitundumitundu ndi ng'oma ndi ukwati, ukaisiya chete aliyense amadziwa kuti kwagwa zovuta.

"Koma ine sindinamiza munthu kuti kuli maliro," anatero atasiya kuseka. "Ndakalamba, ndili pafupi kukayankha."

"Simunena kanthu, amalume. Zinsalu zanuzi zikununkha nkhungu. Kodi sizifuna kuyanikidwa?"

Ananunkhiza chinsalu chomwe chinali pamiyendo pawo, n'kuvomereza kuti chinyezi chawononga katundu wambiri chaka chino.

Choncho tsiku lililonse ana akaweruka kusukulu, a Lotfi ankayanika zinsalu ziwiri, china uku china uko, mpaka mzikiti utaitanira swala ya kulowa kwa dzuwa. A Shukri atamva anagwira m'mutu n'kunena kuti ndiwamangitsa, koma makwerero opachikira zinsaluzo ankagwirira ndi iwo, akung'ung'udza.

Woyendetsa tukutuku ndi munthu wosamva. Saopa wapolisi, saopa lole, saopa ngakhale mayi ake omubala. Koma akaona chinsalu cha maliro amazimitsa nyimbo, n'kukweza manja kupempherera womwalirayo, n'kutembenuka mwakachetechete. Ndinkawaonera pakampata ka chinsalu, amuna a maso ofiira aja atasanduka ofatsa ngati ana a sukulu pamaso pa mphunzitsi wamkulu, ndipo ndinkaluma mpango kuti ndisaseke.

Mkati mwa zinsaluzo Lamuni wakale anabwerera. Azimayi tinatulutsa mipando n'kumasadzula ndiwo pakhomo, maso ali pa ana, makutu ali pa miseche. Anyamata anatha masokosi a abambo awo popanga mipira. Tiana tating'ono tomwe tinali tisanapondepo fumbi tinkakwawa n'kumadya dothi, amayi awo akukuwa. Kunali kukangana pa zigoli, kunyanyala, kubwererana, kusankhana matimu mokondera, zonse zomwe ana amakonza okha akuluakulu tikapanda kulowerera.

Basmala ankatsika tsiku lililonse. Ankasewera phada mosamala, ankagwirira anzake chingwe cha jingo kuti adumphe. Koma kuthamanga ayi. Hutala ikalira kuseri kwa chinsalu ankauma pomwe waimapo, ndipo anzake akayamba kuthamangitsana iye ankapita kukatsamira khoma. Pokwera masitepe madzulo funso lake linali limodzi, loti kodi mawa chinsalu chidzakhalaponso. Ndinkamuyankha kuti inde, ngakhale ndinkadziwa kuti zimenezi zapachikika pa chingwe chowola. Ndinkangopempha kuti chinsalucho chikhale mpaka mwendo ndi mtima wa mwanayo zitalimba.

Chomwe sitinaganize n'chakuti kwathu munthu saona chinsalu cha maliro n'kungodutsa. Opepesa anayamba kufika. Mlamu wanga wa ku Shubra, atamva kwa wina m'basi, anabwera atavala zakuda, kulira atakuyambira pakona, n'kupeza mchimwene wake ali moyo akusita thalauza. Anakwiya ngati tamulanda kanthu. Shehe wowerenga Korani pa maliro athu onse anasiya kupereka moni kwa a Lotfi poganiza kuti tikuitana wina. Kumsika kunamveka mphekesera yoti ku Lamuni kwagwa mliri, anthu akufa ngati nkhuku za chitopa. Aliyense wobwera tinkamulowetsa, kumukhazika pampando, kumupatsa tiyi wa shuga wambiri, iye n'kumayang'ana ana akusewera mpaka nkhani yonse waimvetsa yekha. Ambiri ankaseka. Ena mawa lake ankabwera ndi ana awo.

Tsiku lina masana mwamuna wina anatukula m'mphepete mwa chinsalu n'kulowa. Anavala mkanjo woyera wochapa bwino, nkhope ili mbuu ngati wadwala malungo. Anafunsa a Lotfi kuti bambo ake a kamtsikana kaja ali kuti. A Shukri anatuluka, simbi ili m'manja.

"Ndine Ramzi," anatero mwamunayo, maso ali pansi. "Ndine ndinagunda mwana wanu. Chichitikireni ngozi ija sindidutsa kuno, koma ndinkamva kuti mwanayo satulukanso, akungodwala. Lero ndaona chinsalu chili pamalo penipeni pomwe ndinamutola. Ndabwera kudzapepesa maliro. Chitani nane chilichonse chomwe mukufuna."

Silipasi inali kale m'manja mwanga. Sindikudziwa kuti inachoka nthawi yanji kuphazi. Miyezi yonse ija ndinkaloweza mawu oti ndidzamuuze munthu ameneyu, ena osayenera kutuluka pakamwa pa mayi wopemphera. Koma nditaona nkhope yakeyo, ndinangomulozera ndi silipasiyo komwe kunali mwanayo. Basmala anali ataima ndi mwendo umodzi m'bokosi la phada, lilime lili panja, akuwerama kuti atole mwala.

Ramzi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi m'fumbi ndi mkanjo wake woyerawo, n'kuyamba kulira mokweza. Ndinamumenyabe kamodzi paphewa, chifukwa chothawa kuchipatala kuja, ndipo sanazinde. A Shukri anaika simbi pansi, anamudzutsa n'kumupatsa mpando. Atamwa tiyi anatiuza kuti ali ndi ana aakazi awiri, ndipo akamapita kuntchito amawatsekera m'nyumba poopa oyendetsa anzake. A Lotfi anamuuza kuti mawa abwere nawo, ndipo anabweradi nawo.

Chinsinsi chathu chinaululidwa ndi mpira. Mwana wina anaumenya mopitirira, unadumpha chinsalu, n'kukagwera pamiyendo pa a Sobhi, mkulu wa oyendetsa matukutuku, pa nthawi yomwe anali atakweza manja akupempherera akufa athu. Anatsika n'kusuzumira. Akuti chomwe chinawapweteka kwambiri si kuzungulira njira yaitali kuja, koma mapemphero onse omwe anawononga pa anthu amoyo. Mawa lake anali ku ofesi ya dera ndi gulu lawo lonse.

Mayi Inas anafika masana, ana ali mkati mwa masewera. Anabwera ndi antchito awiri onyamula makwerero, kumbuyo kwawo mzere wa matukutuku. Ife tinatuluka kukaima kutsogolo kwa chinsalu, ine, a Shukri ndi azimayi a mumsewu, ena ali ndi ndiwo m'manja. Ndinkadziwa kuti chinsalucho chikatsika lero, Basmala abwerera pakhonde ndipo satsikanso.

Mayi Inas analamula antchito aja kuti achitsitse. Iwo anayang'anana. Wamkuluyo anakanda m'mutu n'kunena kuti wamva ndithu kuti kulibe maliro, koma manja ake sangagwetse chinsalu chotere, chifukwa bambo ake anawalirira kuseri kwa china chonga chomwechi. Achitsitse mwini wake. A Lotfi, ali pampando, anati msana wawagwira kuyambira m'mawa.

Pamenepo mayi Inas anandizindikira.

"Ndinu mayi aja munabwera ku ofesi. Ndiuzeni pamaso pa anthu onsewa, wamwalira ndani?"

"Palibe, abwana," ndinatero. "Munandiuza nokha kuti msewu uno ungatsekedwe pokhapokha munthu atafa. Ife tangofulumira, tapachika chinsalu mwana asanafe. Ngati mukufuna tichite mwadongosolo, titsitsa, tidikire, ndipo tsiku lakelo tidzakutumizirani uthenga mudzamwe khofi."

A Sobhi ndi amene anayankha. Anati izi ndi zamkutu, msewu si wa amayi ake a munthu, n'kuliza injini kuti aboole chinsalucho. Pomwepo tukutuku ina inatuluka pamzere n'kudzaima chopingasa patsogolo pawo. Anali Ramzi. Anazimitsa injini, anazula kiyi n'kuiika m'thumba la a Lotfi. Anauza anzake kuti pa gulu lonselo ndi iye yekha amene akudziwa momwe mwana wothyoka mwendo amalemerera ukamunyamula, ndi momwe amakuyang'anira, ndipo amene akufuna kudziwa zimenezo ayambe waponda iyeyo. Ena anamunena kuti wagulitsa anzake ndi kapu ya tiyi. Koma injini zinayamba kuzima imodziimodzi.

Mayi Inas anatukula chinsalu n'kulowa, ife pambuyo. Ana sanatilabadire n'komwe. Mpira unali pa moto, jingo ikuzungulira, ana a Ramzi akukangana ndi mdzukulu wa wogulitsa nyama kuti waponda mzere. Ndiye Basmala, podumpha bokosi lomaliza la phada, anapunthwa n'kugwa chafufumimba. Azimayi tonse tinagwira pamtima. Iye anadzuka, bondo likutuluka magazi, ndipo ataona nkhope zathu ndi mlendo wa magalasiyo, anafulumira kutikhazika mtima pansi.

"Ndagwa ndekha, amayi. Palibe wandigunda."

Mayi Inas anamuyang'ana mwanayo, nandiyang'ana ine. Kenako anayamba mafunso a ntchito yawo: galimoto ya zinyalala imabwera nthawi yanji, ambulansi ingalowere kuti, wogulitsa gasi amadutsa liti. Anayenda msewu wonse mpaka kumapeto n'kubwerera, akulambalala mabokosi a phada kuti asawafute ndi nsapato.

"Chinsaluchi chichoke," anatero atabwerera. "Mwachita zoopsa. Mawa kukagwa maliro enieni, anthu awa adzaboola tenti poganiza kuti kuseri kuli mpira. Maliro asiyireni ulemu wake."

Zinali zoona.

"M'malo mwake ndiika mizati yachitsulo ndi tcheni mbali zonse ziwiri. Ana akaweruka kusukulu muzitseka, dzuwa likalowa muzitsegula. Kiyi azisunga bambo a msana wowawawa."

Kwa a Sobhi anawalonjeza kuti achotsa mabokosi omwe amalonda anaunjika m'kanjira ka kuseri kwa msika, kuti matukutuku azidutsa kumeneko pa maola amenewo. A Lotfi anafunsa kuti nanga podikira mizatiyo titani, poti mayendedwe a ofesi tonse timawadziwa. Mayi Inas anayang'ana antchito awo awiri aja, amene anali atakhala pa makwerero akuonerera mpira. Anati antchito awo akana kugwira chinsalucho, ndipo ena alibe.

Nthungululu zomwe zinamveka tsiku limenelo Lamuni sanazimvepo ngakhale pa ukwati wa mwana wa wogulitsa nyama. Ine ndinakumbatira mayi wa bomayo mpaka magalasi awo anapendama. A Sobhi anachoka akung'ung'udza kuti mapemphero awo tiwabwezere, ndipo a Lotfi anawauza kuti asadandaule, tiwasungira, tonse tidzawafuna tsiku lina.

Mizati inachedwa, monga tinkayembekezera. Nyengo yozizira inabwera n'kupita, ndipo ine ndinapita ku ofesi kuja kambirimbiri moti mlonda wa pageti anayamba kundipatsa moni ngati wantchito mnzake. Koma inabwera ndithu, yopaka utoto wachikasu, ndi chikwangwani cha mwana akumenya mpira. Anthu a misewu ina atamva anayamba kupita nawo kukasowetsa mtendere mayi Inas. Tsiku lomaliza kupachika chinsalu, a Lotfi anachikongoletsa ndi nyali n'kuitana woimba ng'oma, kuti chichoke mumsewu mwathu ngati cha ukwati. Pochipinda anandiuza kuti ukwati umachotsa mkwatibwi, maliro amachotsa mtembo, koma aka kanali koyamba pa ntchito yawo yonse kupinda chinsalu mumsewu momwe simunachoke munthu.

Chotsala chinali chimodzi. Basmala ankadumpha jingo tsopano, ankalowa nawo mpira, koma ndinali ndisanamuone akuthamanga liwiro lenileni. Mpira ukapita kutali ankautsatira moyenda ndawala, mwendo uja akuusamala ngati wobwereka.

Tsiku lina masana ndili pakhonde ndikuyanika zovala, ndinamva galasi likusweka. Linali windo la malemu a Hajja Nargis, lomwe lija ankathirirapo ana madzi. Ana onse anaima, zala zonse zikuloza munthu mmodzi. Basmala anali pakati pa msewu, pakamwa pali yasa, ndipo mwendo womwe unamenya mpirawo unali wothyoka uja.

Thupi la mayi limachita zinthu lokha. Ndisanamalize kutchula dzina lake, silipasi inali itanyamuka kale. Ndinaiponya bwino, kuchokera pamwamba, popanda khoma kapena kona yoitchinga. Basmala anaiona ikubwera, n'kuliyatsa liwiro. Anathamanga ndi miyendo yonse iwiri, tsitsi likuuluka, anapitirira ana a Ramzi, anapitirira anyamata a mpira, anazungulira mpando wa a Lotfi osachepetsa, mpaka kukagwira tcheni kumapeto kwa msewu, n'kutembenuka akuseka. Silipasi inagwera kutali m'mbuyo mwake, m'bokosi la phada.

A Shukri anatuluka m'kachipinda kawo n'kukaitola. Anayang'ana windo loswekalo, lomwe ankadziwa kuti okalikonzetsa ndi iwo. Anayang'ana mwana wawo ali kumapeto kwa msewu, akupuma wefuwefu. Kenako anakweza maso kwa ine pakhonde paja, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Amake Basmala," anatero, "mwaphonya."